Sherlock Holmes pa Siteji ndi m'Kanema: Wofufuza Milandu Kapena Woombeza?

Nkhani ya lero ndi ya munthu amene sadakhalepo ndi moyo pa dziko lino, koma dzina lake limadziŵika m'maiko ambiri kuposa maina a mafumu ena amene adalamuliradi anthu. Munthuyo ndi Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa m'mabuku a mlembi wa ku Scotland, Arthur Conan Doyle. Kwa zaka zoposa 120 akatswiri a zisudzo akhala akuvala chikhoti ndi chipewa cha munthu ameneyu, ena pa siteji pamaso pa anthu, ena m'kanema, enanso pa wailesi, ndipo aliyense mwa iwo adatulutsa Holmes wakewake. Funso ndi lakuti: mwa njira zimenezi, ndi iti imene imasunga bwino chinthu chimene chidamtchukitsa?

Funsoli silikhudza anthu a ku London okha. Pa malo a malonda monga pa Songani, m'mbali mwa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, achinyamata amadzaza timanyumba toonetsa kanema, ndipo ena amaonera pa lamya zao za m'manja. Mtunda pang'ono kuchokera pamenepo, ku Chirunga, ndi kumene gulu la zisudzo la Chancellor College lotchedwa Travelling Theatre lidakhazikika sukuluyo itasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo mu 1981 gululi lidayamba kuchita maseŵero a m'Chicheŵa kunja kwa sukulu, pakati pa anthu wamba. Anthu a dera limeneli adazoloŵera zonse ziŵiri, siteji ndi kanema, choncho angathe kuweruza okha.

Conan Doyle adabadwira ku Edinburgh mu 1859 ndipo adaphunzira udokotala mu mzinda womwewo. Mmodzi mwa aphunzitsi ake, Dr Joseph Bell, anali ndi chizoloŵezi chodabwitsa. Wodwala akangoloŵa, iye ankayang'ana zikhatho zake, mayendedwe ake ndi matope a ku nsapato zake, n'kumuuza ntchito imene amagwira ndi kumene wachokera, wodwalayo asanatsegule pakamwa. Kenaka ankafotokozera ophunzira ake mmene wadziŵira. Luso limeneli ndilo limene Doyle adampatsa Holmes, amene adayamba kuoneka mu 1887 m'buku lotchedwa A Study in Scarlet. Pofika mu 1927 nkhani zake zidakwana 60, zazitali 4 ndi zazifupi 56, ndipo pafupifupi zonse amazisimba ndi bwenzi lake, Dr Watson.

Apa m'pamene pagona nkhani. Holmes akatchula wolakwa, sathera pomwepo. Amabwerera m'mbuyo ndi kuloza phazi lililonse limene waponda: phulusa la fodya limene adatola pansi, chidindo cha nsapato pa matope, galu amene sadauwe usiku umene hatchi idasoŵa m'khola. Watson akamva zimenezi amaona kuti nayenso akadatha kuzindikira akadakhala wodekha. Kusiyana kwa wofufuza milandu ndi woombeza ula n'komweku. Woombeza amatchula dzina, koma palibe amene angatsate njira imene wadzera. Anthu amangokhulupirira kapena kukana. Wofufuza amatchula dzina ndi kuyala umboni poyera kuti aliyense auyese, ngakhale woimbidwa mlanduyo. Muyeso woyezera seŵero kapena kanema wa Holmes ndi umenewu: kodi woonera akutuluka atatsata njirayo ndi maso ake, kapena wangoona matsenga?

Woyamba kumtchukitsa Holmes pa siteji anali William Gillette wa ku America, amene adalemba seŵero lake mwa chilolezo cha Doyle. Seŵeroli lidatsegulidwa ku New York mu Novembala 1899, ndipo ku London lidafika mu 1901. Gillette adaseŵera ngati Holmes pafupifupi ka 1,300, mpaka atakalamba m'zaka za m'ma 1930. Mnyamata wina amene adaseŵerapo ngati wantchito wa m'nyumba ya Holmes m'seŵero limeneli anali Charlie Chaplin, pa nthaŵi imene dziko linali lisanamdziŵe.

Zambiri zimene anthu amamzindikirira nazo Holmes zidakhazikika pa nthaŵi imeneyo. Chipewa cha alenje chokhala ndi milomo iŵiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, adayamba kuchijambula ndi Sidney Paget m'magazini ya Strand mu 1891, ndipo Gillette adachivala pa siteji. Kaliwo wokhota uja adabwera ndi Gillette yemweyo, ndipo akuti ankakonda kaliwo wotere chifukwa nkhope yake inkaoneka bwino poyankhula. Siteji ili ndi malamulo ake. Munthu wokhala pa mpando wa kumbuyo sangaone tsitsi limodzi pa chikhoti kapena kadontho ka magazi pa chitseko. Kuti iyeyo atsate nkhani, Holmes wa pa siteji ayenera kuganiza mokweza, kutchula chimene waona, ndi kusiya kampata kakuti anthu achimeze.

Chigawo china cha seŵero la Gillette chimaonetsa bwino mphamvu ya siteji. Holmes watsekeredwa m'chipinda pamodzi ndi zigaŵenga zofuna kumupha. Iye aphwanya nyale, mdima ugwira chipinda ndi holo yonse, ndipo chooneka n'kamoto ka ndudu yake kokha. Zigaŵenga zithamangira kamotoko, koma kuŵala kukabwerera zipeza kuti nduduyo waisiya pa windo, mwini wake ali kale pa khomo. Oonera ankapusitsidwa limodzi ndi zigaŵengazo chifukwa anali mu mdima womwewo, ndipo akazindikira ankaona okha mmene nzeruyo yayendera. Palibe chimene chidabisidwa kwa iwo.

Komabe siteji idalipiritsa mtengo wake. Oonera a masiku amenewo ankafuna nkhani ya chikondi m'seŵero lililonse, motero Gillette adafunsa Doyle ngati angalole kuti Holmes akwatire. Doyle, amene anali atatopa naye munthu wa m'mabuku akeyu, adayankha kuti achite naye chilichonse chimene afuna, ngakhale kumupha. Choncho seŵerolo limatha Holmes atakopeka ndi mtsikana wotchedwa Alice Faulkner, chinthu chimene m'mabuku mulibe.

Kanema adabwera ndi mphamvu imene siteji ilibe: kamera ingathe kuyandikira pa kanthu kakang'ono ndi kukadzazitsa chinsalu chonse. Poyamba mphamvuyi sidathandize kwenikweni, pakuti kanema analibe mau. Seŵero la Gillette lidajambulidwa mu 1916, kanemayo adasoŵa kwa zaka zambiri, ndipo adapezekanso ku Paris mu 2014. Omuonera amaona mayendedwe ndi nkhope ya katswiriyo, koma kafotokozedwe ka Holmes kamangotsala m'timau tochepa tolembedwa pa chinsalu.

Mau atabwera m'kanema, amene adatchuka koposa anali Basil Rathbone, amene adabadwira ku Johannesburg mu 1892. Pakati pa 1939 ndi 1946 adajambula makanema 14 pamodzi ndi Nigel Bruce, amene ankaseŵera ngati Watson. Rathbone anali wamtali, wowonda, wa mphuno yakuthwa ndi mau omveka bwino, ndipo ambiri adati akufanana ndi zithunzi za Paget. Makanema aŵiri oyamba adasunga nthaŵi ya m'mabuku, koma 12 otsatira adamsamutsira Holmes ku zaka za nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, ndipo mwa ena iye ankalimbana ndi akazitape a Germany.

Cholakwika chachikulu cha makanema amenewa chinali pa Watson. M'mabuku Watson ndi dokotala, munthu amene adatumikira pa nkhondo ku Afghanistan, wanzeru zake ndi wolimba mtima. Iye amaimirira woŵerenga. Nigel Bruce adamsandutsa mkulu wosokonekera, wopunthwapunthwa, woseketsa anthu. Oonera adamkonda, koma panali chotayika. Ngati mnzake wa Holmes ndi chitsiru, woonera amauzidwa mwakachetechete kuti nzeru zimenezi munthu wamba sangazifikire, ndipo wofufuza uja wayamba kufanana ndi woombeza. Rathbone adayesanso kumtengera Holmes pa siteji ku New York mu 1953, koma seŵerolo lidatsekedwa litangochitika katatu.

Nkhani imodzi ingathandize kuona bwino kusiyana kwa siteji ndi kanema. Ndi nkhani ya mu 1892 yotchedwa The Speckled Band. Mtsikana wina, Helen Stoner, abwera kwa Holmes ali ndi mantha. Mbale wake wamapasa adafa usiku m'chipinda chokhoma ukwati wake utayandikira, ndipo tsopano iyenso, poti wapeza mwamuna, wasamutsidwira m'chipinda chomwecho ndipo wamva likhweru pakati pa usiku. Holmes apita kukaona. Apeza bedi lokhomeredwa pansi, chingwe cha belu chimene sichiliza belu lililonse, ndi kabowo koloŵetsa mpweya kamene sikatulukira panja koma m'chipinda cha bambo wowapeza, Dr Roylott. M'chipinda cha bamboyo muli bokosi lachitsulo ndi kambale ka mkaka. Zinthu zisanu zimenezi zikaikidwa pamodzi, yankho lituluka: bamboyo amasunga njoka yaululu ndi kuitumiza kudzera pa kabowo, kutsika ndi chingwe, kufika pa bedi losasunthika. Cholinga chake n'chakuti chuma chamasiye chimene mai wa atsikanawo adasiya chisachoke m'manja mwake iwo akakwatiwa.

Mu 1910 Doyle mwini wake adasandutsa nkhaniyi seŵero, ndipo lidachitikira ku Adelphi Theatre mu London. Iye adayamba seŵerolo ndi bwalo lofufuza za imfa ya mtsikana woyamba uja, mboni zikuyankhula imodziimodzi, oonera akumvetsera ngati anthu okhala pa bwalo la mfumu. Njira imeneyi idayenda bwino, pakuti siteji imakonda anthu oyankhulana maso ndi maso. Koma padatuluka mavuto aŵiri. Loyamba n'lakuti bambo wankhanza uja, amene adaseŵera ndi Lyn Harding, adakopa maso a anthu kuposa Holmes, ndipo Doyle adavomereza yekha zimenezi. Lachiŵiri linali njoka. Adabweretsa njoka yamoyo yonga nsato, koma wolemba nyuzi wina adadandaula kuti ikuonekeratu kuti ndi yopanga. Pambuyo pake adayamba kugwiritsa ntchito yopangadi, ndipo anthu adakhutira nayo koposa yamoyo ija. Pa siteji chinthu chimakhala choona ngati ochita seŵero achiopa mokwanira.

Nkhani yomweyo idajambulidwa mu 1984 ndi kampani ya Granada ya ku Manchester, Jeremy Brett akuseŵera ngati Holmes ndipo David Burke ngati Watson. Apa kamera idagwira ntchito yake yeniyeni. Woonera amaona bedi, chingwe, kabowo ndi kambale ka mkaka, chimodzichimodzi, Holmes asananene tanthauzo lake, ndipo amakhala ndi mpata woyesa nzeru zake. Watson wa Burke ndi munthu wolemekezeka amene amafunsa mafunso omwe woonera akadafunsa. Brett adaseŵera nkhani 41 pakati pa 1984 ndi 1994, ndipo ambiri amamuyesa Holmes wofanana kwambiri ndi wa m'mabuku. Mu 1988 adakwera pa siteji ku London pamodzi ndi Edward Hardwicke m'seŵero la anthu aŵiri okha lotchedwa The Secret of Sherlock Holmes, limene lidakamba za ubwenzi wa amuna aŵiriwo koposa za milandu. Katswiri mmodzi yemweyo adaonetsa kuti kanema amatha kuonetsa zinthu, pamene siteji imatha kuonetsa anthu.

Nkhani ina yotchuka, The Hound of the Baskervilles ya mu 1902, imavutitsa onse aŵiri. Anthu a m'dera lina la zithaphwi ku England amakhulupirira kuti banja la Baskerville lidatembereredwa ndipo limasakidwa ndi galu wa mizimu woyaka moto. Holmes apeza kuti ndi galu wamba wamkulu, wopakidwa mankhwala oŵala mu mdima, ndipo mwini wake ndi wachibale wobisika wofuna kulanda chuma cha banjalo. Wopanga kanema ayenera kumuonetsa galuyo, ndipo kaŵirikaŵiri akaoneka mantha amatha. Wa pa siteji sangabweretse chilombo pamaso pa anthu. Amadalira kulira kwake kuseri ndi nkhope za amene akumva. Chofunika pa njira zonse ziŵiri n'chakuti pamapeto woonera aone kuti kumbuyo kwa mphekesera ya mizimu kunali munthu wa dyera, amene mantha a anzake ankampindulira.

Makanema a zaka zaposachedwa adaonjeza liŵiro. Robert Downey Jr, mu 2009 ndi mu 2011, adatulutsa Holmes wankhonya, amene amaŵerengeratu m'mutu mwake mmene amenyere mdani wake asanaponye dzanja. Benedict Cumberbatch, m'makanema a BBC a pakati pa 2010 ndi 2017, adamuika mu London wa masiku a lamya za m'manja, maganizo ake akulembedwa pa chinsalu ndi kuzimirira diso lisanamalize kuŵerenga. Luso la akatswiri ameneŵa palibe angalikane, ndipo adakopa achinyamata ambiri kukafuna mabuku a Doyle. Koma liŵiro likapyola muyeso, woonera satsatanso njira, amangodabwa. Holmes wotere amapambana chifukwa ndi Holmes, monga momwe wamphamvu wa m'makanema a nkhondo amapambanira chifukwa ndi wamphamvu.

Pali njira yachitatu imene omvera a m'Malaŵi amaidziŵa kuposa ziŵirizi. Dziko lino lidakhala ndi wailesi yakeyake ya MBC kuyambira mu 1964, koma wailesi ya kanema idayamba mu 1999, choncho mibadwo yambiri idakula ikumvera zisudzo monga Seŵero la Sabata Ino, Kapalepale ndi Pamajiga, osaona nkhope ya munthu aliyense. Holmes nayenso ali ndi mbiri yaitali pa wailesi. Gillette adaseŵera The Speckled Band pa wailesi ya ku America mu 1930; Rathbone ndi Bruce adamveka sabata ndi sabata kuyambira mu 1939 mpaka mu 1946; ndipo BBC, pakati pa 1989 ndi 1998, idaulutsa nkhani zonse 60, Clive Merrison akuseŵera ngati Holmes ndipo Michael Williams ngati Watson. Pa wailesi palibe chimene chingadutse osatchulidwa. Bedi lokhomeredwa pansi liyenera kunenedwa, chingwe chiyenera kukokedwa kuti omvera amve kuti belu silidalire, ndipo galu uja amakhala woopsa monga mmene mutu wa womvera wampangira. Watson amabwerera pa malo ake ngati wosimba nkhani. Ngakhale m'timanyumba ta kanema, achinyamata amakonda makanema amene wina waikamo mau a Chicheŵa ofotokoza zimene zikuchitika, ndipo wofotokozayo akugwira ntchito yofanana ndi ya Watson.

Wina angafunse kuti zonsezi zili ndi phindu lanji kwa mlimi wa ku Domasi kapena wogulitsa pa msika wa Songani. Yankho lili pa milandu imene imachitika m'midzi. Mbuzi zikasoŵa, mwana akafa mwadzidzidzi, kapena munda wa malemu ukayamba kulimbiranidwa, pamakhala chiyeso chofuna dzina la wolakwa msanga, umboni usanapezeke. Lamulo la za ufiti la mu 1911 lidaletsa kumwetsa mwavi ndi kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe nkhalamba zakhala zikuthamangitsidwa m'midzi chifukwa cha zonenedwa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu adaphedwa ndi magulu okwiya popanda woonetsa umboni uliwonse. Nkhani ziŵiri za Doyle zimene zatchulidwa pano zimanena za chinthu chomwecho: imfa yooneka ngati yamatsenga, mantha a anthu, ndi wachibale wosirira chuma chamasiye. Seŵero limene limaonetsa mmene munthu wodekha amavundukulira zotere limaphunzitsa chizoloŵezi chofunsa kuti: waona ndani, waona chiyani, ndipo amene apindule ndi imfayi ndani?

Gulu la zisudzo la pa sukulu kapena la pa mpingo limene lingafune kuyesa nkhani yotere silisoŵa zambiri. Mabenchi aŵiri, chingwe, nsalu yotchinga ndi nyale imodzi n'zokwanira. Chipewa cha alenje ndi kaliwo zingatsale ku London. Wofufuzayo angakhale mphunzitsi wopuma pa ntchito kapena nduna ya mfumu yodziŵa kulondola mapazi. Zofunika kusunga ndi zitatu. Oonera aone kapena amve umboni uliwonse wofufuzayo asanautanthauzire. Mnzake wa wofufuzayo akhale munthu wanzeru wofunsa mafunso a anthu, osati woseketsa chabe. Ndipo pamapeto wofufuzayo ayale njira yake yonse pa bwalo, monga mmene mboni yabwino imachitira pamaso pa mfumu.

Pa muyeso umenewu, Gillette ndi ndudu yake mu mdima adapambana, Brett ndi kambale ka mkaka adapambana, ndipo wailesi imapambana kaŵirikaŵiri chifukwa ilibe pobisala. Rathbone adapereka nkhope yabwino koma adataya Watson, ndipo makanema aliŵiro amasangalatsa maso koma amasiya woonera m'mbuyo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Holmes wabwino, kaya pa siteji kaya m'kanema, ndi amene amadekha mokwanira kuti woonera nayenso awaone masowo, ndi kubwerera kwao akudziŵa mmene adawaonera.